Thenga wa Matenda a Ahedi Chavula

Pa Katowo panalibe munthu wosawadziwa a Laws Chavula. Anali atapuma kalekale pa ntchito ya uhedi, koma dzinalo linawakanirira ngati chisoso pa buluku, moti ngakhale azibambo a imvi amene iwo anawakwapulapo ali ana ankavulabe chipewa akakumana nawo pamsewu. Kutchalitchi anali mkulu wa mpingo. Tayi sankavula ngakhale popita kukaona fodya kumunda. Thupi lawo silinkakhudzidwa ndi munthu wamba, ndipo ngakhale telala wawo, Hezron Mfune, anali asanawazunguzepo tepi m'chiuno. Poti awiriwa anali a msinkhu umodzi ndiponso a thupi lofanana, Hezron ankangodziyesa yekha n'kusoka, mabuluku n'kuwakwana ahedi bwinobwino. Anali munthu wolemekezeka a Chavula, ndipo amene ankadziwa zimenezi kuposa onse anali iwo eni.

Koma chikhodzodzo sichidziwa ahedi. Mvula ya 1985 itangoyamba, mkodzo unayamba kuwachita chipongwe. Unkawaitana mwachangu ngati nyumba ikupsa, koma akafika kuchimbudzi unkagwidwa manyazi, n'kumatuluka madontho madontho. Akati abwerere akakhale pansi, unkawaitananso. M'mawa wina akumwa tiyi pakhonde, mkazi wawo NyaLuhanga analephera kupirira.

"Bambo a Tryness, chitseko chija chatopa nanu. Usiku wonse kwee, kwee. Kodi mwalembedwa ulonda?"

"Ndimakaona ng'ombe," anayankha a Chavula akuuzira tiyi amene anali atazizira kale.

"Ng'ombe zake ziti zogona kuchimbudzi? Pitani kuchipatala, adada. Mwana wathu ali pomwepo, simukaimanso ndi pamzere pomwe."

Pamenepo ndiye panagona nkhani. Woyang'anira kachipatala ka m'deralo anali Overton Kalilangwe, mnyamata wa ku Dowa, wothandiza dokotala. Poti dokotala weniweni anali kutali ku Boma, aliyense ankangomutchula kuti adokotala. Overtonyo ndiye anakwatira Tryness, mwana wamkazi wa a Chavula. Anapereka ng'ombe zonse mosanyinyirika, anaphunzira Chitumbuka chothyokathyoka, ndipo mwambo wa kuno ankausunga kuposa eni ake. Akakumana ndi apongozi ake ankapatuka, n'kunjuta chapatali, maso ali pansi. Mbale imodzi sankadyera. Nkhani iliyonse yolemera pakati pa awiriwa inkadzera kwa thenga, munthu amene amanyamula mawu pakati pa mabanja awiri kuyambira tsiku lofunsira ukwati.

Tsono a Chavula anali atamva kwa mkulu mnzawo wina pamaliro mmene matenda a mkodzo a azibambo amapimidwira. Akuti kachitsulo komvetsera pachifuwa kaja sikagwira ntchito pamenepa. Akuti amakugoneka cham'mbali, mawondo kuchifuwa, dokotala n'kuvala golovesi, n'kupisa chala kumene munthu amakhalira. Atangoganiza zimenezi a Chavula anatsamwa ndi tiyi. Mkamwini, amene kuno timati mkweni, munthu woti saloledwa ngakhale kuwaona akusamba mapazi kumtsinje! Kupita ku Boma nakonso kunali kuthawa mvula n'kukagwera m'dziwe, chifukwa manesi ambiri kumeneko anali ana awo a sukulu.

Anaganiza masiku angapo, ndipo nzeru imene anaipeza inawakondweretsa kwambiri, monga zimakhalira nzeru zonse zimene munthu wapeza yekha. Kodi mwambo sunati nkhani yolemera ipite ndi thenga? Nanga pali nkhani yolemera kuposa imeneyi? Thenga wa ukwati wa Tryness analinso Hezron Mfune yemweyo. Anatenga njinga a Chavula, ulendo wa pakhonde la sitolo pamene Hezron ankapalasa makina ake.

"Mnganya," anayamba motsitsa mawu, "ndikukutuma kwa mkweni."

"Alakwanso chiyani mwana wofatsa uja?"

"Sanalakwe. Ukamuuze kuti uli ndi mnzako amene akuvutika. Dzina langa lisatuluke, ngakhale akufunse motani. Ukamve zimene anene, utenge mankhwala, ubwere nawo."

Hezron anaimitsa makina. "Ahedi, ine ndanyamulapo mawu a ng'ombe, a mimba, ngakhale a chisudzulo. Koma matenda, yayi. Matenda amapita ndi mwini wake."

"Thenga sasankha katundu. Tamvera tsopano."

Ndipo pakhonde pomwepo anayamba kumuphunzitsa mnzawoyo matenda awo monga ankaphunzitsira ana mitsinje ya dziko lino. Choyamba, mkodzo umachedwa kuyamba. Chachiwiri, ukayamba ulibe mphamvu. Chachitatu, ukatha umakhala ngati sunathe. Chachinayi, tulo palibe. Hezron akasokoneza ndondomeko, ahedi ankagogoda pa makina ndi chala n'kunena kuti, "Bwereza." Anabwereza mpaka anakhoza.

Tsiku lotsatira chakumasana Hezron anatulukira kunyumba kwa a Chavula akuyenda ngati munthu amene wabwereka miyendo. Moni sanapereke. Anakhala m'mphepete mwenimweni mwa benchi, n'kumangoyang'ana kuphiri.

"Wayenda bwanji?" anafunsa a Chavula.

"Laws Chavula," anatero Hezron, ndipo chichokereni kusukulu aka kanali koyamba kuwatchula dzina lonse, "Chiuta akukhululukire, chifukwa ine zinditengera nthawi."

"Fotokoza."

"Ndalowa bwinobwino. Ndati, adokotala, ndili ndi mnzanga. Ndalakatula phunziro lako lonse osaphonya. Mwana uja wangomwetulira. Akuti, a Mfune, chibwerereni kuno sindinaonepo bambo wodwala yekha, aliyense wolowa muno ali ndi mnzake. Akuti, muuzeni mnzanuyo avule buluku agone apa."

A Chavula anatsegula pakamwa. "Ndiye sunathawe?"

"Thenga amathawa pakati pa mlandu? Ndikanakana akanandifunsa dzina, ndipo dzinalo ndi lako. Ndavula. Ine amene ndinamuyendera mwana ameneyu mpaka kumupezera mkazi, lero wandithokoza ndi chala."

Ahedi anayesetsa kuumitsa nkhope, koma mapewa ankagwedezeka okha. Atapezanso mpweya anafunsa chimene chinapezeka. Hezron, ngakhale anali wokwiya, anali thenga weniweni, wosataya mawu panjira. Anafotokoza kuti pansi pa chikhodzodzo cha mwamuna aliyense pali kachiwalo kamene achipatala amati pulositeti, kozungulira njira ya mkodzo. Munthu akamakula nako kamakula, n'kuyamba kufinya njirayo. Kali mkati moti sikaoneka, n'chifukwa chake amakafika ndi chala kudzera kumbuyo. Kakakhala kosalala ndi kofewa ngati nsonga ya mphuno, nthawi zambiri umakhala ukalamba chabe. Koma kakakhala kolimba, kokhala ndi timibulu, pamenepo ndiye amaopa khansa.

"Nanga wapeza kotani?"

"Kofewa, kosalala. Akuti n'kodabwitsa kuti kakundivutitsa chonchi, chifukwa sikanakule kwenikweni. Wapimanso mkodzo, akuti ulibe kanthu. Pomaliza wandiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti mnzanuyo zikapitirira abwerenso msanga."

"Yewo chomene!" anafuula a Chavula akuwomba m'manja. "Ndiye kuti ndili bwino."

"Iwe? Chala chapima ine."

"Mnganya, taganiza ngati munthu wopita kusukulu. Tinabadwa chaka chimodzi. Anatibatiza mbusa mmodzi. Timamwa chitsime chimodzi. Zaka zonsezi mabuluku anga umasoka podziyesa wekha, linayamba landithinapo? Ngati kunja tili ofanana, mkati tingasiyane bwanji?"

Hezron anawayang'ana, n'kupukusa mutu, n'kunyamuka. Ali pachipata anatembenuka. "Buluku likathina timasula ulusi, ahedi. Izi sindikudziwa ngati zimamasulidwa."

Mawu amenewa a Chavula anawaponya kunkhongo. Kwa NyaLuhanga anangoti nkhani yapita kwa mkweni mwamwambo ndipo yankho labwera labwino, n'kuwaletsa kuti asakayerekeze kumuuza Tryness. Mvula inatha, chimanga chinalowa m'nkhokwe, fodya anapita ku okushoni. Chitseko chija chinkalirabe. Nyengo yozizira itafika, msana unayamba kuwawa cham'munsi, kuwawa kosamva kutikita. Ahedi anati ndi chishalo cha njinga. Atasiya njinga anati ndi mabenchi a kutchalitchi. Lamulungu lina Overton anawaona akudzuka pa benchi mogwirira khoma, ndipo atatuluka ananjuta chapatali monga mwa masiku onse.

"Adada, muli makola?"

"Makola chomene," anayankha a Chavula atawongola khosi. Anadikira kuti mkweni apite kaye asanayambe kutsimphina.

Mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, kunabwera uthenga woti mkulu wina wa Chipani wochokera ku Boma adzachititsa msonkhano pabwalo la sukulu. Amene anakhalako zaka zimenezo akudziwa kuti msonkhano wa Chipani sunali wopita ukafuna. Masitolo ankatsekedwa, msika unkabalalitsidwa, ndipo anyamata a malaya ofiira ankayenda khomo ndi khomo kuona ngati wina watsala. Ukafika unkakhala mpaka mlendo atamaliza. Kunyamuka iye akulankhula kunali kudziitanira mafunso amene mayankho ake ankaperekedwa kutali ndi kwanu.

A Chavula, poti anali munthu wodziwika, anawakhazika pampando kutsogolo, pamaso pa anthu onse. Tsoka ilo, chidzukireni tsiku limenelo anali asanatulutse ngakhale dontho, ndipo akuluakulu asanakhale pansi anawamwetsa chindongwa, thobwa la kuno, chimene kukana kukanaoneka mwano. Amayi anavina, ana a sukulu anaimba, mlendo n'kuimirira. Anali munthu wokonda mawu ake. Asanamalize n'kupereka moni komwe, chinena cha ahedi chinali chitauma gwa.

Anapirira mpaka thukuta linanyowetsa kolala. Kenaka ananyamuka chowerama, n'kuzemba kuseri kwa makalasi. Sikunatuluke kanthu. Anabwerera. Atakhala pang'ono ululu unawanyamulanso, ndipo mwatsoka apa n'kuti mlendo akunena za kugula makadi atsopano a Chipani. Anthu anayamba kutembenuza makosi. Ulendo wotsatira unagwera pamene mlendo anali atangokweza mawu kuti, "Alipo ena pakati pathu pano, ophunzira, ovala mataye, amene mitima yawo ili kwina!" Bwalo lonse linaona tayi imodzi yokha ikunyamuka n'kumapita.

Mkulu wa anyamata a malaya ofiira anali Gordon, mnyamata wa dazi ndi ana asanu, amene ahedi anamubwerezetsa Sitandade 5 mpaka anaisiya yekha sukulu. Mwayi ngati umenewu anali ataudikira zaka zambiri. Anawapeza ataima kuseri kwa kalasi yomweyo ya Sitandade 5, chipumi atatsamiritsa kukhoma.

"Ahedi, mukuthawa chiyani?"

"Sindikuthawa, mwana wanga. Ndikutaya madzi."

"Tayani timve."

Anyamata anaima mozungulira, makutu tcheru. A Chavula anatseka maso, anakakamiza, anapemphera, anakumbutsa Chiuta zaka zonse zimene anatumikira mpingo. Kunali zii. Kumveka kunali kwa mlendo yekha, chapatali, akupitiriza za anthu a mitima iwiri.

"Mwaona?" anatero Gordon mokondwa. "Ngakhale dontho. Munthuyu akunyoza msonkhano. Ahedi, munkatiuza kuti bodza lili ndi miyendo yaifupi. Tiyeni ku galimoto, mukafotokozere ku Boma."

Apa a Chavula anachita mantha enieni, chifukwa ankadziwa anthu amene anakwera galimoto imeneyo n'kubwerako ana awo atakula. Komabe, anthu inu, ngakhale pamenepo pakamwa pawo panakana kutchula matenda. Amene anawapulumutsa ndi NyaLuhanga. Ataona amuna awo akukokedwa, anachoka pagulu la amayi ovina, nsalu ili m'manja, n'kukagwada pakati pa bwalo. Mawu awo anali oti safuna chimkuzamawu.

"Bwana, munthuyu si woukira! Munthuyu sakodza! Chaka chathunthu akuvutika, usiku sagona, lero ndiye chatsekeratu! Akuopa kupita kuchipatala chifukwa adokotala ndi mkweni wake, akuti angamuone kumbuyo!"

Kumbuyo wina analephera kudzigwira, ndipo kuseka kunafalikira ngati moto wa lupsa. Chinsinsi chimene ahedi anabisira munthu mmodzi chinamveka kwa Katowo yense, ana a sukulu ndi ogulitsa nthochi omwe. Mlendo uja, amene naye anali wa imvi ndipo mwina ankadziwako kanthu za maulendo a usiku, anatsokomola n'kugamula kuti ngati munthuyo akudwala, adokotala ndiwo anene. Anawakweza pa galimoto yomwe ija, koma yolowera kuchipatala. Theka la msonkhano linatsatira pambuyo, aliyense akuti akukaperekeza wodwala.

Overton ataona apongozi ake akutsitsidwa, mwambo unamugwira miyendo, n'kunjuta pakhonde la chipatala. Koma atayang'ana nkhope yawo ndi mmene anagwirira pachinena, anadzuka msanga, n'kuwagwira pamkono, kukhudzana kwawo koyamba chikwatireni. Gordon anafuna kulowa nawo kuti akhale mboni.

"Palibe vuto, a Gordon," anatero Overton mwaulemu. "Koma lamulo la chipinda chino ndi lakuti mwamuna aliyense wolowa amapimidwa."

Gordon anati adikira panja.

Chitseko chitatsekedwa, a Chavula, ali chogona pa kabedi, anayesa komaliza. "Itanani thenga," ananong'ona.

"Adada, thenga anabwera kale. Ndinamupima, ali bwino." Overton ankasamba m'manja akulankhula. "Tsiku lija ndinakayika. A Mfune salankhula zinthu mwa choyamba, chachiwiri, chachitatu. Koma nanenso mwambo unandimanga pakamwa, ndinaopa kukufunsani. Lero mkweni wanu ndamusiya panja, ali chinjutire pakhonde. Muno muli wachipatala ndi wodwala basi."

Anawafunditsa nsalu, n'kulowetsa kapaipi kofewa m'njira ya mkodzo. Zimene zinakana kutuluka pamaso pa Chipani zinatuluka zonse, beseni mpaka kudzaza. Ahedi anapuma mpweya wautali, misozi ikutsikira m'makutu, n'kuyamba kuthokoza Chiuta mokweza moti a panja anayankha kuti ameni. Overton anatsegula chitseko pang'ono n'kumupatsa Gordon beseni lija.

"Umboni uwu. Mukaonetse akuluakulu."

Gordon analisuzumira, n'kubwerera m'mbuyo, n'kunena kuti Chipani chakhutira.

Kenaka inafika nthawi ya chinthu chimene a Chavula anachithawa chaka chathunthu. Anagona cham'mbali, mawondo kuchifuwa, maso ali pa khoma. Anamva golovesi ikuvalidwa, anamva kuzizira kwa mafuta, anauzidwa kuti apume mozama. Anayamba pemphero loti liwathandize kupirira, koma asanafike pakati anamva Overton akuvula golovesi.

"Basi?" anafunsa.

"Basi, adada."

Sizinatenge ngakhale nthawi imene iwo ankatenga pomanga tayi. Anafuna kuseka, koma atatembenuka anaona kuti nkhope ya Overton sikuseka. Mnyamatayo anakoka mpando n'kukhala pafupi, ndipo analankhula mosazungulira. Anati kachiwalo kaja kakula, n'kolimba ngati mfundo ya chala, ndipo mbali imodzi kali ndi timibulu. Anati chala chimangochenjeza, sichigamula mlandu. Kuti adziwe zoona, apite ku Boma akaonedwe ndi dokotala wamkulu, akajambulidwe msana umene ukuwawawo, kenaka ku Lilongwe akatengeko kanyama kakang'ono ndi singano, kakaunikidwe pa makina oonera tinthu tosaoneka ndi maso.

"Koma ka Hezron n'kofewa," anatero a Chavula ndi mawu aang'ono.

"Inde, adada. Ka a Mfune."

Ulendo umene unatsatira unawavula ahedi zonse zimene ankaziteteza. Ku Boma dokotala anabwereza kupima komwe kuja, ndipo nesi amene anawagoneka pa makina ojambulira anali mtsikana amene iwo anamuphunzitsa kulemba dzina lake. "Ahedi, mugone mowongoka, osagwedezeka, osalankhula," anatero, ndi mawu omwe aja amene iwo ankalamulira nawo pamzere wa m'mawa. Chithunzi chinaonetsa mawanga oyera pa mafupa a m'munsi mwa msana. Ku Lilongwe anawabaya singano n'kutenga kanyama kochepa ngati kachidutswa ka ulusi, kamene kanatumizidwa ku Blantyre. Pobwerera kumudzi n'kuti atavula buluku pamaso pa anthu ambiri moti ankayamba kumasula lamba dokotala asanapereke moni. Ndipo anadabwa kuona kuti dziko silinagwe, ndi kuti aliyense ankawatchulabe ahedi.

Kudikira yankho ndiko kunali kowawa. Mvula ina inali itayamba pamene Overton anafika kunyumba masana ena, Hezron ali naye, poti nkhani yolemera imafuna thenga. Overton ananjuta pabwalo monga kale, Hezron n'kukonza kukhosi kuti ayambe kunyamula mawu. A Chavula anakweza dzanja.

"Hezron, wanyamula zokwanira. Khala chete umwe tiyi. Mwana wanga, kwera pakhonde, khala apa, undiuze wekha."

Overton anakhala pa benchi limodzi ndi apongozi ake. Anati kanyama kaja kaonetsa khansa, ndipo mawanga a pamsana aja akusonyeza kuti yafika kale m'mafupa. Kuizula sikungathekenso. Koma alipo mapiritsi amene amaimanga miyendo kuti isathamange, ululu n'kuchepa, ndipo ambiri amakhala nayo zaka ndithu akulima ndi kupita kutchalitchi. NyaLuhanga, amene anaima pakhomo, anaphimba nkhope ndi nsalu. A Chavula anayang'ana mvula imene inkadontha kudenga, kenaka anatembenukira kwa Overton.

"Ndikanabwera ndekha tsiku lija ndinatuma uyu, zikanasiyana?"

Overton anazengereza. "Sindinganame, adada, sindikudziwa. Matendawa amayenda mwakachetechete, mwina anali atafika kale patali. Koma nthawi ija msana sunali kuwawa."

Mawu amenewa anawalasa a Chavula kuposa singano ya ku Lilongwe. Anamva chisoni chachikulu, ndiponso manyazi a mtundu wina, osati aja ankawaopa. Anayang'ana Hezron, mnzawo wa chaka chimodzi, chitsime chimodzi ndi buluku limodzi, ali gwa ngati mtengo wa muwanga, misozi ili m'maso.

"Ukulira chiyani iwe?" anamukalipira. "Si iwe uli bwino? Unapimidwa kale, mwaulere."

Anaseka onse, kuseka kosakanikirana ndi kufwenthera. Tsiku limenelo Overton anadya mbale imodzi ndi apongozi ake, ndipo palibe kholo lililonse limene linadzuka kumanda kudzadandaula.

Kuyambira pamenepo, mwezi ukatha a Chavula ankavala tayi yawo, kutenga ndodo, n'kuyenda pang'onopang'ono kupita kuchipatala kukatenga mapiritsi ndi kukapimidwa. Sankadzera njira yachidule ya kuseri. Ankadutsa pakati pa masitolo dzuwa lili pamutu, ndipo wowafunsa kumene akupita ankamuuza, n'kumufunsanso ngati iye amagona bwino usiku. Azibambo angapo anayamba kuwathawa, koma ena ankawatsatira chapatali, n'kukakhala pa benchi la chipatala akunamizira chifuwa. Thupi lawo linali litayamba kuchepa, moti mabuluku a muyeso wa Hezron ankawakhuthuka. Tsiku lina anaima pakhonde la sitolo, n'kutsamiritsa ndodo pa makina, n'kukweza manja onse awiri.

"Tenga tepi yako undiyese," anatero. "Ine ndi ine, iwe ndi iwe."

Hezron anawazunguza tepi m'chiuno kwa nthawi yoyamba, ndipo nambala imene anaiona sanaitchule. Anangoti, "Kapena lero ndikuyendereni kuchipatala, ahedi, mupumeko?"

"Soka mabuluku, mnganya. Kumeneko ndipita ndekha."

Anatola ndodo yawo n'kupitiriza ulendo. Pa benchi la chipatala anadikira pamzere ngati wina aliyense, ndipo nthawi yawo itakwana anagogoda ndi dzanja lawo, n'kukankha okha. Thenga anganyamule mawu a ng'ombe, a ukwati ndi a maliro, koma thupi la mnzake sanganyamule. Akuluakulu anaziona kale zimenezi pamene anati: wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.